Mundisungire Malo Pamzere

Mayi inu mwabwera leronu, mwala mwaika pansi pa poto wanuwo mwautenga kuti? Ayi, musandiyang'ane choncho, ndakuonani ndi maso angawa mukuchokera nawo kukhonde la odwala impso. Phulani kaye poto, muuchotse pamoto usanang'aluke. Mafuwa ali mbwee kuseri kwa mabafa uko, opanda eni ake. Umenewo uli ndi mwini wake.

Mwaona, magadiyani anzangawa ayamba kuseka, akudziwa kuti NaMilanzi akatsekula pakamwa satseka. Sekani. Koma sonkhezani moto mukhale pansi, poti nyemba zanuzo zikadali kutali. Ndikuuzani zimene ndinaona, ngakhale kuti ine mwini wake woziona mpaka lero sindikuzimvetsa.

Amuna anga, bambo a Fanesi, impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Anali kalipentala woti akagwira thabwa limamvera, koma lero moyo wawo uli pa makina otsuka magazi aja. Makinawo ndi ochepa, odwala ndi ambiri, ndiye timalawirira. Munthu wotupa miyendo sangaime pamzere, choncho timachita ngati kuchigayo: umaika mwala pansi, mwalawo n'kumakuimira, iwe uli pabenchi. Odwala okhalitsa aliyense ali ndi mwala wake, ndipo timaidziwa yonse monga timadziwira nkhope zawo. Mwala wa mnzako sukhudza. Ukafuna kudutsa umapempha mwini wake.

Koma pali mzere wina umene suoneka pakhonde. Pali thumba la anthu akufuna kwabwino limene chaka chilichonse limatumiza wodwala mmodzi kunja kwa dziko kukamuika impso ina. Impsoyo amapereka m'bale wako, thumba limangolipira ulendo ndi madokotala a kumeneko. Kale osankha anali anthu, ndipo opita ankakhala achibale a mabwana okhaokha. Tinachita phokoso mpaka eni thumba anachita manyazi. Ndiye anabweretsa kompyuta, ati iyi ilibe m'bale. Imapatsa wodwala aliyense malikisi: mmene wadwalikira, zaka zake, nthawi imene wadikira, ndiponso kutalika kwa kwawo. Wamalikisi ambiri ndiye ali kutsogolo.

Anakhazikitsanso komiti yoyang'anira kuti kompyutayo izichita chilungamo. Wapampando anali a dokotala Chigwenembe, munalinso abusa, ashehe, mayi wina wodziwa malamulo, ndi a Mwakalinga amene amaisamalira kompyutayo. Ine anandiikamo kuimira odwala. Ena amati anandisankha chifukwa sindipsatira mawu, ena amati ankangofuna kuti ndichoke pakhonde ndizikalongolola kwina. Onse akunena zoona.

Pamsonkhano woyamba ndinamenya tebulo. Ndinati kompyuta ilibe m'bale, koma amene amaigwira ali ndi abale. Ndinaumirira kuti paikidwe lamulo loti dzanja la munthu lisakhudze mzere, ndipo wachiwiri asapite woyamba asanayankhe yekha kuti akupita kapena ayi. Anavomera, a Mwakalinga n'kulikhomerera lamulolo m'kati mwa kompyuta moti ngakhale iwo eni ake sangalizule. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine munthu.

Pabenchi, mnzawo wa amuna anga anali a Sandalamu, bambo a kwa Mgwadula, kuseri kwa mapiri kumene galimoto silifika. Palibe amene anadikira nthawi yaitali kuposa iwo. Ankagona pashedi pomwe pano, pakona apo, chifukwa kupita kwawo n'kubwera sikunali kotheka. Mapazi awo anali otupa moti patapata wawo anachita kumudula malamba n'kumangapo chingwe, ndipo poyenda ankamukokera pansi, khwee, khwee. Mwala wawo unali mwana wa mphero, wakuda, wosalala, wobenthuka mbali imodzi. Sankalankhula zambiri. M'mawa uliwonse akafika pakhonde ankangofunsa kuti, "Mzere ukuyenda?"

Kompyuta inkawachotsera malikisi chifukwa cha kutalika kwa kwawo. A dokotala ankati munthu akaikidwa impso amafunika kuonedwa pafupipafupi, ndiye wakutali angaononge impsoyo. Ashehe ankati kodi munthu amasankha kobadwira. Nkhaniyi ikangoyamba ankanditulutsa panja, poti ife timakhala m'tauni muno ndipo amuna anga anali pamwamba pa a Sandalamu chifukwa cha lamulo lomwelo. Kunena zoona mtima wanga unali pawiri, ndipo ndinkakondwa kuti anditulutsa. Nkhaniyo inakokeka miyezi. Lero abusa ali kumaliro, mawa mayi wa malamulo ali kukhoti, mkuja magetsi azima.

Tsiku lina a Sandalamu analandira uthenga wa kumudzi, n'kunyamula kathumba kawo. Sanabwerere. Patapita milungu tinamva kuti anamwalira. Komiti inakumana, manyazi ali tho, n'kuchotsa lamulo la kutalika lija munthu ali kale m'manda. A Mwakalinga anafufuta dzina lawo. Ngakhale ndi malamulo atsopanowo, wotsatira anali bambo a Fanesi.

Ndisakunamizeni, ndinalira maliro a a Sandalamu ndi diso limodzi. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, anali atayezedwa kale ndipo impso yake inagwirizana nawo. Ndinayamba kufunsa mitengo ya majuzi, poti amati kumeneko kumazizira. Ndinaiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choyamba chinali mwala. Mayi wosesa pakhonde anautenga mwana wa mphero uja n'kuuponya pamaluwa, poti mwini wake kunalibenso. M'mawa mwake tinaupeza pakhonde, kutsogolo kwa miyala yonse. Tinati ndi ana osewera. Mlonda anauponya m'ngalande ya kuseri kwa mpanda. Kutacha unali pamalo pomwe paja, wonyowa, ndipo simenti ya pansi pake inali youma. Mlondayo anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha kuti amusinthire kugeti.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kusiya mpata kumapeto kwa benchi. Sitinapangane. Munthu ankangofika, n'kuyang'ana pamenepo, n'kukakhala pena, ngakhale benchi itadzaza. Namwino wina potiitana anawerenga mitu, n'kuwerenganso, n'kutifunsa kuti wina uja wapita kuti. Titamufunsa kuti uti, anati basi, mwina ndi maso ake.

Kenako linafika tsiku loti komiti itsimikize wopita chaka chimenecho. A Mwakalinga anayatsa kompyuta n'kuitembenuzira kwa ife. Dzina la amuna anga linalipo, koma linali lachiwiri. Pamwamba pake panali mpata. Panalibe dzina, panalibe mudzi, panalibe zaka, koma malikisi analipo, ochuluka kuposa a wina aliyense.

"Kavuto kakang'ono aka," anatero a Mwakalinga, uku akudinadina.

Anazimitsa, n'kuyatsanso. Mpata uli pomwepo. Anati mwina pofufuta dzina la malemu panatsala zinyalala, ndiye anafufutanso. Mpata uli pomwepo, ndipo malikisi ake anali atakwerako pang'ono.

"Ingodumphani pamenepo," ndinatero ine. "Palibe munthu."

"Siikulola, mayi. Ikuti woyamba sanayankhe."

"Woyamba wake uti? Mukumuona munthu apo?"

"Sindikumuona. Koma lamulo lija likuti wachiwiri asapite woyamba asanayankhe yekha."

Onse anandiyang'ana. Palibe amene ananena kuti lamulolo linali la ndani, ndipo ndikanakonda akananena, ndikanapeza woti ndikangane naye. Abusa anapemphera. Mayi wa malamulo anati eni thumba satulutsa chithandizo popanda kompyuta kuvomereza, poti ndi zimene tinapempha ife tomwe. A dokotala anaitanitsa akatswiri ena, amene anabwera ndi zikwama zawo, n'kukhuthula zonse za m'kompyutamo, n'kuikamo mwatsopano dzina limodzilimodzi. Atamaliza, mpata unabwerera pamwamba. Mmodzi wa iwo anaseka, kenako anasiya kuseka, n'kufunsa njira ya kudepoti.

Apo n'kuti nthawi ikutha. Eni thumba ananena kuti mvula ikayamba munthu asanasankhidwe, chithandizo cha chaka chimenecho chipita kwina. Amuna anga nawo anali atayamba kupuma movutikira akagona chagada.

Mutu wanga unaima. Sindinkadziwa woti ndimukwiyire: kompyuta, komiti, malemu, kapena ine ndemwe. Ndiye ndinachita chinthu choti sindinachitepo. Madzulo ena ndinautola mwalawo, ndinaukulunga m'chitenje, ndipo pobwerera kunyumba ndinauponya mumtsinje ndili pamlatho. Ndinaumva ukugwa, phuvu. Ndinati tione ngati umadziwa kusambira.

Tinadya, kunja kukuchita chisisira. Fanesi, mwana wathu, ankatsuka mbale pakhomo, ndiye analowa m'nyumba manja ali ndi thovu.

"Amayi, kuseri kuli munthu."

Ndinatuluka, osaona kanthu. Galu wa aneba, amene amauwa ngakhale tsamba, anali atalowa pansi pa thandala, ali zii. Nditabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko, ndi pamene ndinamva. Khwee, khwee. Pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa, kuzungulira nyumba. Kufika pazenera, kuima. Kuyambanso. Kufika pachitseko, kuima. Kenako kugogoda, koma osati pamene munthu amagogoda. Kunali m'munsi mwenimweni, pafupi ndi pansi, ngati chinthu cholimba chikuikidwa bwinobwino pasimenti.

Ndinayang'ana amuna anga, ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti iwo sankaopa. Anali atangowerama ngati munthu amene wabwereredwa ndi mlendo amene ankamuyembekezera.

"Mayi a Fanesi, mwalawo mwautaya kuti?"

"Mwadziwa bwanji kuti ndautaya?"

"Tsiku limene a Sandalamu ankapita lija anandigwira dzanja. Anati, achimwene, mundisungire malo pamzere, ndikubwera. Ine ndinati pitani bwino, ndikusungirani."

Anthuni, ndinawalalatira. Ndinati mawu amenewo timauzana tsiku ndi tsiku, munthu akamapita kuchimbudzi kapena kukagula mandasi. Ndinati wakufa samudikira pamzere. Ndinawafunsa ngati ndi iwo amene ankabweza mwalawo m'mawa uliwonse. Anati tsiku loyamba lokha, pochokera pamaluwa paja, chifukwa anamva chisoni. Za m'ngalande sanadziwe.

"Nanga kompyuta inamva bwanji zimene munauzana pabenchi?" ndinawafunsa.

"Kaya. Koma ndinavomera, ndipo lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Wondimasula ndi mwini wake."

M'mawa nditatsekula chitseko, mwalawo unali pakhomo, utamatirira ndere za mumtsinje.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaukulunga m'chitenje n'kuuika m'chikwama, ndinakwera minibasi yolowera kumapiri, ndikuti ndikapemphe pamanda monga timapemphera pakhonde, kuti bambo, tiloleni tidutse. Ndine mayi wa mvano ine, ndipo ulendo wonse ndinkadzifunsa kuti kodi ndikupita kukachita chiyani. Pamene msewu wa galimoto unathera ndinakwera kabaza. Tinayenda bwino mpaka pachitunda china, pamene wakabazayo anatsika, akupuma wefuwefu.

"Mayi, m'chikwamamo muli chiyani?"

"Mwala umodzi, wokwana m'manja."

Anayang'ana chikwamacho, n'kuyang'ana tayala lakumbuyo limene linali litaphwatalala ngati lanyamula matumba a chimanga. Anati njira ya kwa Mgwadula ndi yomweyo, ndingoitsata, ndipo anatembenuza njinga osadikira kuti ndimulipire.

Linali dzuwa la masana, loswa mtengo, njira ili yokhayokha pakati pa tchire lopsa. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo. Ndiye patsogolo ndinaona munthu akubwera. Ankayenda pang'onopang'ono, chipewa atachitsitsa, ndipo dzuwa linali m'maso mwanga. Ndinapatuka pang'ono kuti adutse, monga mwa ulemu, ndikuyang'ana pansi. Mapazi okha ndi amene ndinawaona bwino. Sindikuuzani kuti anali otani.

"Mzere ukuyenda, mayi?"

Pakamwa panga panayankha pokha, mmene pankayankhira m'mawa uliwonse. "Sukuyenda, bambo."

"Uyenda," anatero. "Mwayandikira."

Anadutsa. Mawu onse amene ndinakonza m'minibasi, oti tiloleni tidutse, anandithawa. Pamene ndinawakumbukira n'kutembenuka, njira inali yokhayokha mpaka kuchitunda. Mwina anakhotera m'tchire, kaya, njira za kumudzi zili ndi tinjira tambiri. Koma chikwama changa chinali chitapepuka, ndipo nditapisamo dzanja ndinapeza chitenje chokha.

Pamudzipo anandilozera nyumba ya malemu. Mkazi wawo anandiyalira mphasa, tinapatsana moni, ndinapepesa maliro. Pakhonde panali patakhala mtsikana wamsinkhu wa Fanesi wanga, miyendo ataitambasula. Anati ndi Velina, mwana wawo wotsiriza. Sanaimirire kudzandipatsa moni, ndipo nditayang'ana mapazi ake ndinadziwa chifukwa chake. Zikope zake nazo zinali zotupa, ndipo khungu lake linali ndi mtundu uja umene tonse pano timaudziwa. M'manja mwake ankaseweretsa mwana wa mphero wakuda, wobenthuka mbali imodzi.

"Mwala umenewo wautenga kuti?" ndinafunsa.

"Ndaupeza pompano nditadzuka kutulo ta masana," anatero mtsikanayo. "Amayi akuti ndi wa mphero yathu yakale, umene ababa anapita nawo kutauni."

Mayi akewo anandifotokozera kuti uthenga umene unawaitanitsa a Sandalamu unali wa mwanayu. Atafika n'kuona mapazi ake, anakhala pansi n'kulira. Anafuna kubwerera naye kuchipatala, koma iwo eni anali atakhala nthawi osatsukidwa magazi, ndipo anagwa asananyamuke. Pomwalira ankangobwereza kuti malo alipo, ndasiya malo. Abale anati ndi kubwebweta kwa matenda.

"Nanga bwanji simunapite naye?" ndinafunsa.

"Bambo ake anakhala kumeneko zaka, anabwerako ndi chiyani? Kuli bwino mwanayu afere pakhomo, ndikumuona."

Tsopano mundimvetse, azimayi anzanga. Panalibe wondikakamiza kunena kanthu. Mayiyo sankadziwa za kompyuta, sankadziwa za mpata, sankadziwa kuti amuna anga ndi achiwiri. Ndinapempha kuti andiperekeze kumanda, ndipo ndinagwada pamtumbira paja n'kupempha chamumtima kuti bambo, amuna anga akufa, tiloleni tidutse. Ndinadikira. Sipanagwe tsamba, sipanalire kanthu. Ndinati chabwino, ndapempha, ndizipita.

Tinabwerera kunyumba kuja kuti nditsanzike. Mtsikana uja anayesa kuimirira kuti andiperekeze, n'kugwira khoma, n'kukhalanso pansi, akupepesa. Apo pakamwa panga panandipereka. Ndinangozimva ndikuwakalipira mayi aja, ndikuti kodi ndinu mayi wotani wosunga mwana pakhonde ngati dzungu, mumangireni zovala tizipita, kuchipatala kuli malo ake. Mawu atatuluka ndinafuna kuwameza, koma anali atapita. M'njira yonse yobwerera, anyamata a pamudzi atamunyamula pamachira mpaka kumsewu, ine ndinkadzitukwana.

Tinafika pakhonde lija m'mawa mwake. Amuna anga anamuyang'ana mtsikanayo, anayang'ana mwala uli m'manja mwake, anandiyang'ana ine. Anangosendera, ndipo Velina anakhala pampata uja wa kumapeto kwa benchi, ngakhale palibe amene anamuuza.

Atamuyeza anapeza zomwe tinkadziwa kale. A Mwakalinga analowetsa dzina lake, akuyembekezera kuti ligwera kumunsi, poti wobwera kumene alibe malikisi a kudikira. Anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Dzina la Velina linali pamwamba, pampata paja, ndi malikisi onse aja.

Komiti inakumana tsiku lomwelo, ndipo ine ananditulutsa monga mwa nthawi zonse. Ndinakhala pabenchi panja, koma zenera linali lotsekula. Mayi wa malamulo ankati n'zosatheka, munthu amene sanadikire ngakhale mlungu sangadumphe odikira zaka, kudikira si munda woti mwana n'kulowa m'malo mwa bambo ake. Ashehe ankati zaka zimenezo zinadikiridwa ndithu, munthu anazidikira ndi thupi lake, ndipo ife ndi amene tinamubera ndi lamulo lathu lija, nanga zipite kuti. Abusa ankati nanga bambo a Fanesi analakwa chiyani. A Mwakalinga ankangobwereza kuti iwo sanakhudze kanthu. Ine panjapo ndinkavomereza aliyense amene akulankhula, mpaka ndinagwira mutu. Ndinkafuna amuna anga apite. Ndinkafuna mwana uja apite. Ndipo kumapeto kwa benchi, kumene kunalibe munthu poti Velina anali pa makina, thabwa linkalira pang'onopang'ono ngati wina akusintha kakhalidwe.

Dzuwa likupendeka a dokotala Chigwenembe anatuluka, n'kudzakhala pafupi nane, nkhope itagwa.

"Mayi, talephera kugwirizana. Ndipo tikalephera, mzere umakhala mmene ulili, poti dzanja la munthu silikhudza."

"Ndiye mwati chilungamo n'chimenechi, adokotala?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndikanadziwa ndikanakuuzani."

Anamufunsa Velina ngati akupita, iye n'kuyankha yekha kuti eya, ndipo kompyuta inavomera nthawi yomweyo ngati sinavutepo. Mayi ake atayezedwa, impso yawo inagwirizana naye. Ananyamuka mvula yoyamba isanagwe. M'mawa wa tsiku limenelo mwana wa mphero sunalipo pakhonde, ndipo sitinauonenso. Mtsikanayo anabwerako wamoyo, akuyenda ndi mapazi ake, ndipo amatitumizira mtedza akakolola. Ndimaulandira, ndimathokoza, ndipo masiku ena ndimalephera kuudya.

Mukufuna kundifunsa kuti kodi ndikudandaula. Musandifunse, poti yankho la m'mawa silifanana ndi lamadzulo. M'komiti ndikadalimo. Timakangana za malikisi, timasintha apa n'kusintha apo, ndipo nthawi iliyonse a Mwakalinga akamayatsa kompyuta tonse timayamba tayang'ana pamwamba.

Bambo a Fanesi tsopano ndi oyamba pamzere. Eni thumba akuti chaka chino zinthu zavuta, tidikire. Amuna angawo akutha ndikuwaona, pokwera masitepe a pakhonde amapuma kawiri, ndipo n'chifukwa chake masiku ano tikugona konkuno. Sabata yatha ndikuwasisita miyendo anandiuza kuti, "Mayi a Fanesi, ndikapita, mwala wanga musauchotse."

Ndinawakalipira kuti asiye zolaula. Kenako ndinawafunsa kuti mukufuna kusungira ndani. Anangoyang'ana pakhomo la wodi, pamene Fanesi anali atakhala pansi akumasula zingwe za nsapato zake za kusukulu. Masiku ano akudandaula kuti zikumuthina, koma tinagula chaka chomwe chino, ndipo zinali zazikulu.

Ndiye mwala mwatengawo, mayi, wofiirira wokhala ndi kadontho ka penti yoyera, ndi wa amuna anga. Wazizira tsopano, mutha kuugwira. Pukutani mwayewo ndi nsalu, mupite mukaubweze pamene munautenga, kutsogolo kwa inzake yonse. Mukapeza wina atakhala kumapeto kwa benchi n'kukufunsani ngati mzere ukuyenda, mungomuuza kuti tikadalipo.